Sola Ikazima, Wolakwa Ndani?

Midzi yambiri ya ku Ntcheu tsopano ikudalira dzuwa powunikira m'nyumba, posunga katemera ndi popopa madzi. Koma zipangizozi zikazima, chala chimaloza mmisiri. Kodi mmisiriyo amalimbana ndi zotani pantchito yake, nanga ndalama zomwe amayi amasonkha tingaziteteze bwanji?

Mukamayenda pamsewu wa M1 kuchokera pa Lizulu, kutsikira pa boma mpaka pa Kampepuza, kwezani maso muone madenga. Pali timagalasi takuda tikunyezimira pamalata a magolosale, pamatchalitchi, pasukulu, ngakhale pambali pa nyumba zaudzu. Kale mudzi ukamada, chowunikira chinali koloboyi ndi kandulo. Lero mwana amawerenga pa babu, mayi amatchaja foni yake pakhomo pomwepo osalipira kumsika.

Chifukwa chake n'chodziwika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kumudzi. Nthawi imeneyo, m'dziko lonse la Malawi, nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zomwe zinkawunikira ndi magetsi. Ngakhale omwe ali ndi magetsi a ESCOM sanaiwale mdima wa 2022, pomwe namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Dziko nalonso latembenukira kudzuwa: malo aakulu a mamegawati 60 anatsegulidwa ku Salima mu 2021, ndipo ena a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, anayamba kugwira ntchito pa Golomoti m'boma la Dedza mu 2022.

Komabe m'midzi mwathu muli dandaulo lomwe aliyense analimvapo: sola yafa. Gulu la amayi linasonkha ndalama, linagulitsa nyemba ndi kachewere, linaika magetsi panyumba yodikirira amayi oyembekezera kapena patchalitchi. Miyezi yoyamba zonse zinali bwino. Kenako magetsi anayamba kuzima 9 koloko usiku, kenako 7 koloko, mapeto ake osayakanso. Mzamba n'kubwerera kuchizolowezi chakale chogwira tochi ya foni ndi mano pamene manja onse awiri akulandira mwana.

Zikatere timathamangira kunena kuti mmisiri anatibera. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri nkhani imakhala yaitali kuposa apo, ndipo kuimvetsa ndi njira yoyamba yopewera kutayanso ndalama.

Ntchito imayambira pa pepala

Mmisiri wodziwa ntchito safulumira kukwera padenga. Amayamba wakhala pansi n'kufunsa: muli ndi mababu angati, muziyatsa maola angati, pali wailesi yakanema kodi, mafoni ndi angati? Amafunsa chifukwa magetsi a dzuwa ali ngati madzi a mumtsuko. Omwe mwatunga masana ndi omwewo mugwiritse ntchito usiku.

Tiyerekeze nyumba ya mababu anayi a mawati 5 lililonse, oyaka maola asanu. Pamenepo papita 100. Wailesi yakanema ya mawati 40 kwa maola atatu itenga 120. Mafoni awiri atenga pafupifupi 20. Zonse pamodzi ndi 240 patsiku. Mmisiri amawerengera kuti m'nyengo ya mitambo dzuwa lamphamvu lingapezeke maola anayi okha, ndipo gawo lina la mphamvu limatayika m'mawaya, mu batire ndi chifukwa cha fumbi. Akaphatikiza zonsezi, nyumbayi ifunika panelo ya mawati 100 ndi batire yolembedwa 100Ah, kuti ipirire masiku awiri a mvula.

Tsopano onani chomwe chimachitika mmisiri akachoka. Mlendo wabwera ndi simbi yositira yamagetsi, ya mawati 1,000. Kusita kwa theka la ola kokha kwatenga 500, kuposa kawiri chakudya cha nyumba yonse cha tsiku lathunthu. Ketulo yamagetsi imafika mawati 2,000. Mnansi wabweretsa mafoni asanu ndi limodzi, mnyamata walumikiza makina ometera. Palibe amene wachita dala, koma mtsuko wauma.

Vuto lina ndi lakuti makasitomala ambiri sanena zoona zonse poopa kuti mtengo ukwera. Ena mmisiri akawauza mtengo wa zipangizo zokwanira amamupempha kuti achepetse batire, ena amapita kwa mnzake wotchipa. Mmisiri amakhala pamphambano: akakana ntchito ana agona ndi njala, akavomera akudziwa kuti pakapita miyezi dzina lake liipa.

Denga silinama

Ntcheu ili pamadigiri pafupifupi 15 kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati. Miyezi yambiri ya chaka, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, dzuwa limadutsa chakumpoto. N'chifukwa chake panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, itapendekeka pang'ono ndi madigiri pafupifupi 15. Kupendekekako kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Panelo yogonekedwa chagada imasunga dothi ndi zitosi za mbalame.

Koma womanga nyumba sanaganize za sola. Denga lina limayang'ana kummawa ndi kumadzulo, lina mbali yake yakumpoto ili pansi pa mtengo wa mango. Mmisiri ayenera kuwotcherera chimango chachitsulo chokhotetsa panelo, ndipo imeneyo ndi ndalama ina yomwe mwini nyumba sanaiyembekezere.

Malata ambiri a masiku ano ndi opyapyala, munthu akaponda amabonyoka. Mitengo yapadenga ina inadyedwa ndi chiswe mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Panelo ikangomangidwa ndi waya pamalata okha, osagwira mtengo wolimba, chimphepo cha mvula yoyamba chimailowa pansi n'kuinyamula, nthawi zina pamodzi ndi lata lomwe. Bowo lililonse lomwe mmisiri waboola liyenera kumatidwa bwino, apo ayi denga liyamba kudontha mu Disembala. Panyumba yaudzu njira yabwino ndi kuzika mzati wachitsulo pambali, koma panelo yotsika imakopa akuba, ana oponya miyala ndi mbuzi.

Palinso moyo wa mmisiri mwiniwake. Malata a mu Okutobala amawotcha manja, a m'mamawa amaterera ndi mame. Panelo ilibe pozimitsira: ikangoona dzuwa yayamba kutulutsa magetsi. Mapanelo angapo akalumikizidwa mondondozana, monga zimakhalira pamapampu a madzi, mphamvu yake imakwana kupha munthu. Mukaona mmisiri waphimba panelo ndi katoni asanagwire mawaya, dziwani kuti akudziteteza.

Boma limodzi, nyengo ziwiri

Amene anagonapo ku Tsangano mu Julayi n'kukagonanso ku Sharpevale mu Okutobala amadziwa kuti Ntcheu ili ndi nyengo ziwiri. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range m'malire ndi Mozambique, kumazizira ndipo nkhungu imachedwa kuchoka m'mamawa. Kuchigwa cha Bwanje kumatentha kwambiri. Zipangizo zomwe zagwira bwino uku sizingangotengedwa kukaikidwa uko mmisiri osawerengeranso.

Ambiri timaganiza kuti kukatentha ndiye kuti sola ikukondwa. Si choncho. Panelo imafuna kuwala, osati kutentha. Mawati olembedwa kumbuyo kwake anayezedwa panelo ili pamadigiri 25. Padenga lamalata kuchigwa, panelo imatha kufika madigiri 60, ndipo pamenepo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a mphamvu yake. N'chifukwa chake mmisiri amasiya mpata pakati pa panelo ndi lata kuti mphepo izidutsa.

Kumapiri vuto ndi lina. Masiku a nkhungu otsatizana amasiya batire yosadzaza, choncho pamafunika panelo yokulirapo. Komanso m'mawa wozizira dzuwa likangotuluka, panelo imakankha magetsi mwamphamvu kuposa nthawi zonse, ndipo kabokosi kolamulira kutchaja kakakhala kochepa mphamvu kamapsa.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi phulusa la lupsa zimakuta galasi. Mthunzi nawo ndi mdani woposa momwe timaganizira. Timagawo ta mkati mwa panelo tinalumikizidwa ngati anthu opatsirana ndowa pamzere: mmodzi akaima, mzere wonse wachedwa. Tsamba limodzi la nthochi, kapena mthunzi wa mlongoti wa wailesi, ukhoza kudula mphamvu yochuluka kuposa kukula kwa mthunziwo. Mmisiri akhoza kusankha malo abwino lero, koma bulugama wa mnansi pakapita zaka ziwiri adzakhala atatalika.

Batire ndiye mtima

Panelo yabwino imatha kugwira ntchito zaka 20 kapena kuposerapo. Chomwe chimafa msanga ndi batire, ndipo nthawi zambiri tikamati sola yafa, chafa ndi chimenechi.

Mabatire ambiri omwe tili nawo ndi a mtovu ndi asidi. Lamulo lake ndi lakuti asamatsitsidwe kupitirira theka. Batire ikamakamidwa mpaka kuuma usiku uliwonse, kenako osadzaza masana, mbale za mkati mwake zimachita zokakamira zoyera zomwe sizichokanso, ndipo imayamba kusunga mphamvu yochepa mwezi ndi mwezi. Kutentha nako kumaidya: amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire yotere umadulidwa pakati. Batire yoikidwa m'kachipinda kopanda zenera, pansi pa malata, kuchigwa, singakhalitse ngati ya ku Tsangano.

Kabokosi kolamulira kutchaja, komwe amisiri amati kontilola, ndi mlonda wa batire. Kamadula magetsi batire ikatsika kwambiri ndipo kamaletsa kuti isadzaze mopitirira. Apa ndi pamene pamachitika cholakwa chofala kwambiri. Magetsi akazima pakati pa mpira kapena pakati pa kwaya, wina amatenga waya n'kulumikiza mwachindunji kubatire, kulambalala mlonda uja. Usiku umenewo anthu amasangalala, koma batire yayamba ulendo wakumanda. Mmisiri akabwera, waya uja amakhala atachotsedwa, ndipo palibe amene akuvomera.

Batire ya galimoto si ya sola. Inapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi polizitsa injini, osati kukoka pang'onopang'ono usiku wonse. Kusakaniza batire yatsopano ndi yakale nakonso n'kutaya ndalama, chifukwa yakaleyo imafooketsa inzake. Mabatire okhala ndi zitsekerero amafuna kuwonjezeredwa madzi ake ogula m'botolo, osati a pamjigo kapena asidi. Potchaja amatulutsa mpweya woyaka, choncho asakhale pafupi ndi mbaula, kandulo kapena pogona ana.

Masiku ano kwabwera mabatire a lithium. Ndi opepuka, amalola kutsitsidwa kwambiri ndipo amakhala zaka zochuluka, koma mtengo wake wogulira ndi wokwera, ndipo amafuna kontilola yogwirizana nawo.

Batire ikafa isasanduke mpando kapena choseweretsa ana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wosaopsa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo mwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana ali m'mimba. Batire yakufa isaswedwe pakhomo, asidi wake asathiridwe pansi pafupi ndi chitsime kapena dimba. Ibwezedwe kwa wogulitsa kapena kwa mmisiri.

Mawaya, makoswe ndi mphenzi

Magetsi a ESCOM amabwera pa 230V, pomwe sola zambiri zapakhomo zimayenda pa 12V. Kusiyanaku kuli ndi tanthauzo lalikulu. Kuti mphamvu yofanana idutse pa 12V, waya amanyamula katundu wochuluka pafupifupi ka 20. Zili ngati kuthira madzi a mgolo wonse kudzera m'kapaipi kakang'ono. Waya akakhala woonda kapena wautali kwambiri, mphamvu imathera m'njira, wayayo amatentha, ndipo akhoza kuyatsa nyumba. Choncho mmisiri amafuna batire ikhale pafupi ndi panelo, pomwe mwini nyumba amafuna ikhale kuchipinda kwake kuopa akuba. Mkangano umenewu ndi wa tsiku ndi tsiku.

Pamsika palinso mawaya onyenga: kunja amaoneka ngati kopa, koma ukapala ndi mpeni mkati ndi oyera. Amenewa sanyamula magetsi ngati kopa weniweni ndipo amathyoka msanga polumikizira. Fyuzi yapafupi ndi batire ndi kanthu kotchipa, koma ndi yomwe imaletsa moto mawaya akagundana. Ikapsa, ena amaika waya wamba kapena pepala lonyezimira la mupaketi ya fodya. Kutero n'kuchotsa chitetezo chonse.

Makoswe amakonda kutafuna chikopa cha mawaya m'denga, makamaka m'nyumba zosungiramo chimanga. Mavu ndi nyerere zimamanga m'mabokosi. Mmisiri wabwino amadutsitsa mawaya m'mapaipi, ngakhale kuti zimawonjezera mtengo.

Nyengo ya dzinja imabwera ndi mphenzi. Siichita kufunika kugwa panyumba penipeni: ikagwa chapafupi, mphamvu yake imalowa m'mawaya n'kutentha kontilola ndi inveta. Chitetezo chake ndi ndodo yakopa yokhomeredwa pansi, yolumikizidwa kuzitsulo za mapanelo, pamodzi ndi kachipangizo kopatutsa mphamvu yadzidzidzi. Koma m'malo amiyala a kumapiri ndodo imakana kulowa, ndipo dothi louma silimeza bwino magetsi. Mmisiri amayenera kukhoma ndodo zingapo kapena kufunafuna malo achinyezi. Ntchito imeneyi siioneka ndi maso, n'chifukwa chake ndi yoyamba kusiyidwa ndalama zikachepa.

Zolembedwa pakatoni si zonse zoona

Pafupifupi chipangizo chilichonse cha sola chimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera nthawi yomweyo. Mmisiri amene anapereka mtengo gulu lisanamalize kusonkha amapeza kuti ndalama zomwe anagwirizana sizikukwananso. Akapempha zowonjezera amaoneka wakuba, akagula zotchipa ntchito imaonongeka.

Pamene katundu wabwino wadula, wachinyengo amachuluka. Pali mapanelo olembedwa mawati ambiri koma otulutsa ochepa. Pali mabatire olembedwa 100Ah koma opepuka modabwitsa, pomwe batire yeniyeni ya mtovu ya kukula kumeneku imalemera makilogalamu pafupifupi 30. Pali ma inveta omwe amayatsa babu bwinobwino koma amaononga firiji, chifukwa magetsi ake si osalala. Firiji ikamayamba kulira imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa yolembedwa, ndipo inveta yofooka imagonja pomwepo.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi lomwe limaona za ubwino wa katundu, ndipo la MERA ndi lomwe limapereka ziphaso kwa oika magetsi, kuphatikizapo a dzuwa. Koma katundu amalowa m'njira zambiri, ndipo amene waphunzira kulumikiza mawaya awiri amadzitcha mmisiri. Mmisiri wophunzira, wodutsa kusukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA kapena ku Mzuzu University komwe amaphunzitsa za mphamvu zamtunduwu, amapikisana ndi munthu wopanda ngakhale mita yoyezera magetsi. Kawirikawiri amaitanidwa mochedwa, kudzakonza zomwe wina anaononga, mwini wake atagula kale zipangizo zosagwirizana.

Kuchipatala nkhani ndi moyo

Pakhomo sola ikazima timagona msanga. Kuchipatala zimakhudza moyo. Katemera ambiri a ana amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha amatha mphamvu, ndipo ena, monga wa kafumbata, amaonongeka akaundana. Choopsa n'chakuti botolo limaoneka chimodzimodzi, mwana n'kubayidwa katemera wosagwira ntchito. Mankhwala a oxytocin, omwe mzamba amabaya mayi akangobereka kuti asataye magazi ambiri, nawonso amafuna kuzizira komweko.

Pofuna kuthana ndi vuto la mabatire, kunabwera mafiriji a katemera olumikizidwa kumapanelo mwachindunji. Masana amapanga madzi oundana m'makoma mwake, ndipo kuzizira kumeneko kumasunga katemera usiku ndi masiku a mitambo. Koma mapanelo ake ndi a firiji yokhayo. Wina akalumikizapo mababu kapena mafoni, kapena mapanelo akakutidwa ndi fumbi, firiji imalephera kuundanitsa madzi okwanira.

Pachipatala mmisiri amayenera kugawa magetsi m'magulu: chipinda choberekera ndi zipangizo zopulumutsa moyo paokha, nyumba za ogwira ntchito paokha. Zikaphatikizidwa, wailesi yakanema ya madzulo imadya magetsi omwe akanawunikira mayi wobereka 2 koloko usiku. Makina othandiza kupuma amakoka mawati mazana angapo usana ndi usiku osapuma, choncho chipatala chikalandira makina atsopano, mmisiri aitanidwe adzawerengerenso asanawalumikize.

Pampu ya dzuwa ndi madzi a pansi

M'madimba ndi m'midzi, mapampu a dzuwa apeputsa mitu ya amayi. Ubwino wake ndi wakuti safuna batire: thanki yokwezedwa pamwamba ndiyo nkhokwe. Koma apa mmisiri amalimbana ndi chinthu chomwe sangachione. Ayenera kudziwa kuya kwa madzi, kutalika kwa pomwe pali thanki, kutalika kwa mapaipi, komanso kuchuluka kwa madzi omwe chitsime chingapereke pa ola.

Chitsime choyezedwa mu Malichi chimanamiza. Pofika Okutobala ndi Novembala madzi amatsika, ndipo pampu yamphamvu kuposa chitsime imayamba kukoka mpweya ndi mchenga mpaka kupsa. Pali kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika, koma nako ena amakachotsa poona ngati kakuchedwetsa madzi. Mjigo wamanja ukachotsedwa kuti paikidwe pampu ya dzuwa, tsiku lomwe pampuyo idzafe mudzi wonse udzabwerera kumtsinje, ndipo matenda otsegula m'mimba sadzachedwa. Funso limeneli lifunsidwe ntchito isanayambe.

Mmisiri akapita

Amisiri ambiri a ziphaso ndi masitolo a zipangizo zodalirika ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuchokera pa boma kupita kumidzi ya kumapiri, m'dzinja msewu umaterera ndipo milatho ina imaduka. Panelo ndi galasi: ikagwedezeka kwambiri pa njinga yamoto imachita ming'alu yosaoneka ndi maso yomwe imadzaonekera patapita nthawi. Kafyuzi kamodzi kakasowa, ntchito imaima tsiku lonse. Ndipo vuto likakhala laling'ono, ndalama ya ulendo wa mmisiri imaposa ya chokonzedwacho.

Mabungwe ambiri othandiza amapereka ndalama zogulira ndi kuika, koma osati zosamalira. Tsiku lopereka pamakhala nyimbo ndi nthungululu, koma palibe amene amafunsa kuti batire yatsopano idzagulidwa ndi ndani. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wolandira sola walandiranso udindo woisamalira.

Ntchitoyi si ya abambo okha. Sukulu ya Barefoot College ku Tilonia m'dziko la India yakhala ikuphunzitsa amayi akumudzi kwa miyezi isanu ndi umodzi kulumikiza ndi kukonza zipangizo za sola, ambiri mwa iwo osapita patali ndi sukulu, ndipo amayi a ku Malawi anapitako. Maganizo ake ndi osavuta: mnyamata akaphunzira amathamangira kutauni, koma mayi amakhala pamudzi pomwe pali zipangizozo.

Zomwe gulu lanu lingachite

Safunsa anadya phula. Gulu lanu likafuna kuika sola patchalitchi, pasukulu ya mkaka, panyumba yodikirira kapena pakhomo panu, yambani mwaitana mmisiri musanagule kanthu. Muonetseni zonse zomwe mukufuna kulumikiza, ngakhale zomwe mukuganiza kudzagula chaka chamawa. Mupempheni akuonetseni chiphaso chake ndipo akuuzeni komwe anagwirako ntchito zaka ziwiri zapitazo. Tumani amayi awiri akaone ngati magetsiwo akuyakabe.

Pemphani kuti alembe papepala dzina ndi kukula kwa chipangizo chilichonse, zomwe mungalumikize ndi zomwe simuyenera kulumikiza. Pepala limenelo limatidwe pakhoma pafupi ndi batire. Funsani za fyuzi, za ndodo ya mphenzi, ndi za nthawi yomwe adzakonze ulere zinthu zikavuta. Sungani malisiti. Musamalize kulipira musanaone magetsi akuyaka usiku wathunthu.

Sankhani amayi awiri, osati mmodzi, oti mmisiri awaphunzitse. Ntchito yawo ikhale kupukuta mapanelo ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mamawa galasi lisanatenthe, kudula nthambi zobweretsa mthunzi, kuona timagetsi ta pa kontilola, kuona madzi a mu batire, ndi kulemba m'kope tsiku lililonse lomwe magetsi azima msanga. Kope limeneli limathandiza mmisiri kudziwa vuto ngakhale pafoni. Batire ikhale m'bokosi lokhoma koma lolowa mpweya, ndipo kiyi asunge iwowo.

Chachikulu, tsegulani thumba la batire mwezi womwe magetsi ayaka. Funsani mtengo wa batire yatsopano, muugawe m'miyezi 24, muwonjezerepo pang'ono chifukwa mitengo imakwera. Ndalamayo isungidwe payokha ku banki m'khonde, isakhudzidwe pa zikondwerero. Ngati zipangizo zili ndi mphamvu yotsala, ndipo mmisiri wavomereza, kutchajitsa mafoni kukhoza kudzaza thumbalo.

Dzuwa la ku Ntcheu ndi laulere, ndipo mawa litulukanso. Chomwe chimafuna ndalama, nzeru ndi kukhulupirika ndi njira yolisungira mpaka usiku. Mbali ina ya ntchitoyi ndi ya mmisiri, ina ndi yathu. Pamsonkhano wanu wotsatira, wina afunse mafunso awiri: mapanelo athu anapukutidwa liti, ndipo m'thumba la batire muli zingati?